Munda, makolo ndi cuma ca masiye: mlandu wa ku White House Farm

Atsogoleri anzathu a makalasi, nkhani ya ulendo uno ndi yolemetsa mtima. Inacitika kutali, ku England, m'caka ca 1985, pa famu yochedwa White House Farm. Anthu asanu a banja limodzi anaomberedwa ndi mfuti usiku umodzi, ndipo bwalo la milandu linagamula kuti wakupha anali mwana wamwamuna wa m'banja momwemo. Oimba mlandu anati anacita izi pa zifukwa ziwiri: kuipidwa ndi makolo amene anammangirira pa nchito ya pa famu, ndi kusirira cuma ca masiye. Mwanayo wakhala akukana mlanduwo kuyambira paciyambi. Taisankha nkhaniyi popeza imatithandiza kusiyanitsa mau awiri amene anthu ambiri amawasokoneza pakagwa imfa yoipa pabanja. Mau ake ndi awa: cifukwa ndi umboni.

Banja lake

Bambo anali Nevill Bamber, mai anali June Bamber, ndipo onse awiri anali ndi zaka 61. Famu yao inali pafupi ndi mudzi wa Tolleshunt D'Arcy m'cigawo ca Essex, kumpoto cakum'mawa kwa London. Kukula kwake kunali mahekitala pafupifupi 120. Nthakayo sinali yaoyao, anali kulima pa lendi, koma banjalo linali lopeza bwino. Nevill anayendetsapo ndege za asilikali ali mnyamata, ndipo kuonjezera pa ulimi anali kuweruza milandu ing'onoing'ono m'bwalo la m'deralo. June anali mai wopemphera kwambiri, ndipo anadwalapo matenda a maganizo mpaka kugonekedwa m'cipatala.

Awiriwa sanabereke. Conco anatenga makanda awiri mwa lamulo nawalera ngati ana ao: Sheila, wobadwa mu 1957, ndi Jeremy, wobadwa mu 1961. Ana awiriwa sanali a mimba imodzi. Onse anatumizidwa ku sukulu zogonera konko. Sheila atakula anakwatiwa, nabereka mapasa aamuna mu 1979, koma ukwati unatha. Mu 1983 madokotala anampeza ndi matenda a maganizo ochedwa schizophrenia, amene nthawi zina amacititsa munthu kukhulupirira kapena kumva zinthu zomwe palibe. Jeremy atasiya sukulu anakayenda ku Australia ndi ku New Zealand, ndipo mu 1982 anabwerera kudzagwira nchito pa famu ya bambo ake. Bambowo anali kumlipira mapaundi 170 pa sabata, anampatsa galimoto, ndi kanyumba kosalipira lendi m'mudzi wa Goldhanger, makilomita owerengeka kucokera pa famu. Analinso ndi gawo laling'ono pa bizinesi ina ya banja, malo ogona alendo obwera pa chuthi.

Usiku wa pa 6 Ogasiti 1985

Sabata imeneyo Sheila anabwera ndi mapasa ake a zaka 6 kudzaceza kwa agogo. Madzulo a pa 6 Ogasiti Jeremy anali nao pa famu, kenaka anapita kukagona kwake. Nthawi itapitirira 3 koloko usiku, anaimbira foni apolisi. Anawauza kuti bambo ake angomuimbira kumene kunena kuti mlongo wake wasokonezeka mutu ndipo wagwira mfuti. Apolisi anakumana naye pa famu, nadikira panja mpaka kunja kutaca. Itapitirira 7 koloko m'mawa anathyola citseko nalowa.

Nevill anampeza m'khichini, ataomberedwa kasanu ndi katatu, thupi lake likuonetsa kuti analimbana ndi munthu. June anali m'cipinda ca pamwamba, ataomberedwa kasanu ndi kawiri. Mapasa anaphedwa ali pakama pao. Sheila anagona pansi m'cipinda ca makolo ake ndi mabala awiri kunsi kwa cibwano, mfuti ili pathupi pake, Baibulo lili pambali. Zipolopolo zonse zinali 25, zocokera m'mfuti imodzi ya pa famu yomwe anali kuphera akalulu. Zitseko zinaoneka zotsekedwa m'kati.

Apolisi anangoti nkhani yadziwika: mai wodwala wapha makolo ake ndi ana ake, kenaka wadzipha. Manyuzipepala nao analemba zomwezo. Popeza anaganiza kuti palibenso cofufuza, apolisi sanasamale bwino za m'nyumbamo. Anthu ambiri analowamo, mfuti inagwidwa ndi manja, zofunda ndi makapeti a magazi anatenthedwa, ndipo patapita masiku matupi a akuluakulu atatuwo anatenthedwa pa mwambo wa maliro. Apa tione phunziro loyamba. Apolisi anapeza cifukwa comveka, ndico matenda a Sheila, ndipo atacipeza analeka kufuna umboni. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cimene cinatembenuza mlandu

Acibale ena a banjalo sanakhulupirire kuti Sheila akanatha kucita zimenezi. Pa 10 Ogasiti mmodzi wa iwo anapeza m'kabati yosungiramo mfuti kacitsulo kamene amakamangirira kukamwa kwa mfuti kuti isamalire kwambiri. M'kati mwake munali magazi, ndipo oyeza anati gulu la magaziwo likugwirizana ndi la Sheila. Tanthauzo lake linali lalikulu. Mfutiyo ikakhala ndi kacitsuloko inali kutalika kwambiri, moti Sheila sakanatha kuiloza pakhosi pake ndi kufikira pokhethemulira. Ndiponso munthu wakufa sangadzuke kukabweza kacitsulo m'kabati ya pansi.

Caciwiri cinabwera patapita mwezi. Mtsikana amene anali pa cibwenzi ndi Jeremy anapita kwa apolisi nasintha mau ake oyamba. Anati Jeremy anakhala akulankhula kwa nthawi yaitali zofuna kupha banja lake, ndipo anamuululira kuti analemba munthu ganyu yoti aphe. Munthu wochulidwayo atafufuzidwa anapezeka kuti usiku umenewo anali kwina, ndipo anamasulidwa. Jeremy anamangidwa mu Seputembala 1985, ndipo mlandu unazengedwa ku Chelmsford mu Okutobala 1986.

Cifukwa cimene oimba mlandu anapereka

Tsopano tifike pa mutu wathu. Oimba mlandu anayenera kufotokoza kuti mnyamata wa zaka 24, wa nyumba, galimoto ndi malipiro, angaphe bwanji makolo amene anamlera. Yankho lao linali cidani ndi umbombo.

Cuma ca makolowo cinali coposa mapaundi 400,000, ndipo makalata ao a masiye anati cigawidwe pakati pa Jeremy ndi Sheila. Koma bwalo linamva kuti m'kalata ya Nevill munali mfundo ina: kuti Jeremy alandire gawo lake, anayenera kukhala akugwira nchito pa famu pa nthawi imene bambo akewo adzamwalire. Mboni zinati mnyamatayo sanali kuukonda moyo wa pa famu, anali kukhumba moyo wa m'tauni ndi ndalama za m'manja, ndipo anali kudziona ngati womangidwa. Zinatinso sanali kugwirizana ndi mai ake, maka pa za kupemphera kwao ndi kudzudzula kwao. Mboni ina inati Jeremy anaiuza kuti mai ake akufuna kusintha kalata yao kuti cuma cipite kwa adzukulu. Panalinso nkhani yoti miyezi ingapo m'mbuyomo anathyola ofesi ya bizinesi ya banja naba mapaundi 980, ndipo izi anavomera. Ndiye oimba mlandu anawerengera motere: makolo akafa pamodzi ndi Sheila ndi mapasa, wotsala wolandira zonse ndi mmodzi basi.

Kodi n'cifukwa ciani famu imabala mavuto otere kuposa cuma cina? Tiyeni tione bwino. Ndalama za kubanki zimagawika mosavuta, koma famu ikagawidwa pakati imaleka kupindula, conco makolo amafuna kuti mwana mmodzi aitenge yathunthu. Mwanayo amayamba nchito ali mnyamata, pa malipiro ocepa, ndi lonjezo lakuti tsiku lina zonsezi zidzakhala zake. Bwana wake pa nchito ndi bambo ake omwe, ndiye mkangano wa kumunda umalowa m'nyumba, wa m'nyumba umapita kumunda. Akafuna kucoka amataya zaka zonse zimene wagwira. Akakhala, tsiku lolandira silidziwika, popeza tsikulo ndi la maliro a kholo lake. Bambo wa zaka 61 angathe kukhala ndi moyo zaka zina 20 kapena kuposa. Kholo limaona ngati likusunga munda ndi kumkonzera mwana tsogolo, pamene mwana amaona cingwe m'khosi. Pamenepa ndi pamene mwambi uja umabwera, wakuti fupa lokakamiza limaswa mphika.

Koma ticenjere. Kunena izi sikuika mlandu pa anthu amene anaphedwa. Nevill ndi June anacita zimene alimi ambiri amacita pofuna kuti munda usafe, ndipo anampatsa mwana wao zinthu zimene anzake ambiri analibe. Palibe kukakamiza kwa kholo kumene kungalungamitse kupha, ndipo ana a zaka 6 aja sanakakamize munthu ali yense.

Cifukwa si umboni

Cifukwa cimayankha funso lakuti, kodi munthuyu akanapindula ciani, kapena cinamuwawa n'ciani? Umboni umayankha funso lina: kodi ndi iye anacita? Mafunso awiriwa ndi osiyana, ndipo mlandu uwu ukutionetsa kusiyana kwake m'njira zitatu.

Coyamba, anthu amene ali ndi cifukwa ndi ambiri, koma opha ndi owerengeka. M'dziko lili lonse la alimi muli ana ambirimbiri olima minda ya makolo monyinyirika, kudikira colowa. Ena amapirira, ena amakangana ndi makolo, ena amacoka osatsazika. Pafupifupi onsewa sapha munthu. Tikati ali yense wodandaula za colowa ndi wakupha, ndende sizingakwane.

Caciwiri, cifukwa cimaloza mbali zambiri. Oteteza Jeremy anati Sheila nayenso anali ndi cifukwa cake. Miyezi yocepa m'mbuyomo anali atagonekedwanso m'cipatala, ndipo Jeremy anati madzulo amenewo makolo anakamba zoti mapasa aleredwe ndi anthu ena kwa kanthawi. Mtsikana amene anapereka umboni anapita kwa apolisi cibwenzi citasokonekera, Jeremy atayamba kuyenda ndi mkazi wina, ndipo mlandu utatha nyuzipepala ina inamlipira mapaundi 25,000 pa nkhani yake. Acibale amene anapeza kacitsulo kaja ndi amene pambuyo pake analandira cuma, Jeremy atapezeka wolakwa. Otsatira a Jeremy amachula zonsezi kawirikawiri. Koma taonani: mtsikana wokwiya angathe kunena zoona, ndipo wacibale amene adzapindule angathe kupezadi cinthu m'kabati. Palibe bwalo limene linapeza kuti anthuwa ananama. Ngati cifukwa cokha sicikwanira kutsutsa iwo, ndiye kuti sicikwaniranso kutsutsa Jeremy. Muyezo ukhale umodzi.

Cacitatu, bwalo lenilenilo silinagamule potengera cifukwa cokha. Ku England mlandu wakupha umagamulidwa ndi anthu wamba 12 osankhidwa kuti amve umboni wonse, ndipo woweruza amangowaunikira lamulo. Woweruza Maurice Drake anawaikira mafunso atatu. Kodi akukhulupirira mtsikana uja kapena Jeremy? Kodi atsimikiza kuti Sheila sindiye anapha? Kodi Nevill anaimbadi foni usiku uja? Funso la foni linali lolemera kwambiri. Ngati Nevill anaimbadi nachula Sheila, ndiye wakupha ndi Sheila. Ngati sanaimbe, ndiye Jeremy ananama, ndipo sakanadziwa kuti pa famu pali zoopsa usiku umenewo akanakhala kuti sanali pomwepo. Mau ake omwe anatseka khomo loti mwina anali wakuba wocokera kunja.

Oimba mlandu anaonjeza zina zogwirika. Nevill anali munthu wamtali ndi wamphamvu, pamene Sheila anali wocepa thupi, wosazolowera mfuti, ndipo thupi lake silinaonetse zizindikiro za kulimbana. Manja ndi mapazi ake anali oyera, ngakhale mfutiyo inayenera kudzazidwanso zipolopolo kuti zikwane 25. Anaonetsanso kuti munthu wodziwa nyumbayo akanatha kulowa ndi kutuluka pa zenera, nyumba n'kuoneka yotsekedwa m'kati. Oteteza anayankha kuti magazi a m'kacitsulo mwina anali osakanikirana a bambo ndi mai, ndi kuti apolisi anaononga zinthu zambiri zimene zikanathandiza. Pa 28 Okutobala 1986 anthu 10 mwa 12 aja anati Jeremy ndi wolakwa, awiri anakana. Lamulo la kumeneko limalola cigamulo cotere.

Zimene zinatsatira

Jeremy anapatsidwa cilango cokhala m'ndende moyo wonse, woweruza nati asatuluke zisanathe zaka 25. Pambuyo pake nduna ya boma inalamula kuti asadzatulukenso. Pa cuma cija sanalandire kanthu, pakuti lamulo la ku England silola munthu kulowa cuma ca munthu amene iye wamupha. Cinapita kwa acibale ena. Ali m'ndende anasumira acibalewo kufuna gawo la cuma ca banja, koma analephera.

Mlandu suola, ndipo uwu wabwerera m'mabwalo kangapo. Bwalo la apilo linakana dandaulo lake mu 1989. Mu 2002 linaumvanso, asayansi atayeza kacitsulo kaja ndi njira yatsopano ya DNA. Zotsatira zake sizinapereke yankho lomveka ku mbali iri yonse, ndipo oweruza anati cigamulo ca 1986 cikhale. Mu 2012 bungwe la boma loona milandu yokayikitsa linakana kuutumizanso ku bwalo. Mu 2013 bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula, pa dandaulo la akaidi atatu, mmodzi mwa iwo Jeremy, kuti cilango ca moyo wonse ciyenera kukhala ndi mpata woti cidzaunikidwenso, koma izi sizinakhudze funso loti ndi wolakwa kapena ai. Mu 2025, patatha zaka 40 cicitikire imfazo, anali akali m'ndende, akukanabe.

Pali anthu, kuphatikizapo atolankhani ena, amene amati umboni wa kacitsulo ndi wokayikitsa popeza kanadutsa m'manja ambiri kasanafike kwa oyeza. Pali enanso ambiri, pamodzi ndi acibale a ophedwa, amene amati bwalo linalondola. Ife sitikuweruza mlanduwu kaciwiri. Mwa lamulo Jeremy Bamber ndi wolakwa. Koma onani kuti pa zaka zonsezi mkangano wakhala pa magazi, pa foni, pa zenera ndi pa mfuti. Nkhani yoti mwanayo anali kuida famu ndi kufuna ndalama siingathe kuuthetsa, cifukwa munthu angathe kukhala wadyera ndi wosayamika koma osapha, ndipo angathenso kukhala wadyera n'kuphadi.

Pokamba nkhaniyi m'kalasi

Nkhani ya colowa imakhudza pafupifupi munthu ali yense amene wakhala pa benchi m'kalasi mwanu, ndipo ena angakhale ali pa mkangano wotere panopa. Conco muitenge mofatsa. Muiwerenge mokweza kawiri, ndime ndi ndime. Kenaka mulembe pa bolodi mau awiri aja, CIFUKWA mbali ina, UMBONI mbali ina, ndipo ophunzira aike mfundo iri yonse ya m'nkhaniyi pansi pa mau oyenera. Kalata ya masiye ya Nevill ipite kuti? Nanga magazi a m'kacitsulo? Nanga matenda a Sheila? Mudzaona kuti pena adzatsutsana, ndipo kutsutsanako ndiye phunziro. Musalole kuti wina achule dzina la munthu wa m'mudzi ngati citsanzo. Mphekesera yoti uje anapha mbale wake cifukwa ca munda imayamba ndi mau akuti "nanga wapindula ndani?", ndipo ikayamba imathyola mabanja ngakhale palibe umboni ndi umodzi womwe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya makolo ndi ana. Za colowa zimapweteka kwambiri zikamakambidwa mobisa, kapena zikamagwiritsidwa nchito ngati ndodo yoopsezera. Kholo limene likufuna kuti mwana atsale pa munda limuuze poyera, limve maganizo ake, ndipo limpatse gawo lake la zokolola likali moyo, m'malo momudyetsa lonjezo lokha. Mwana amene mtima wake uli kwina aloledwe kunena osaopa kutembereredwa, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nayenso mwana adziwe kuti cuma ca kholo lamoyo n'ca mwini wake.

Mafunso okambirana

1. Kodi apolisi anaphonya pati m'masiku oyamba, ndipo cinawafulumizitsa n'ciani?

2. Chulani anthu a m'nkhaniyi amene ena anati anali ndi cifukwa. Kodi kukhala ndi cifukwa kukutiuza ciani za munthu, ndipo sikukutiuza ciani?

3. Kodi mfundo ija ya m'kalata ya Nevill inali nzeru yosungira munda kapena cingwe comangira mwana? Mukanakhala inu, mukanailemba bwanji?

4. Kodi lamulo lakuti wakupha asalandire cuma ca amene wamupha limateteza ndani?

5. Wina akabwera kwa inu nati, "Uje ndiye wapha, si ndiye watenga munda?", mudzamfunsa mafunso otani musanayankhe?